Tisanagulitse mbuzi chifukwa cha part time ya Biology

Abale anga a pamudzi pano, ndi inu a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu mpaka a ku Joni amene mumawerenga tsamba lino usiku mukaweruka, lero za mtengo wa feteleza tiyambe tazisiya. Pali ndalama ina imene ikutuluka m'nyumba zathu mwakachetechete, mwezi ndi mwezi, yopanda lisiti. Ndikunena ndalama ya part time. Teremu yachiwiri ikangofika pakati, mwana aliyense wa Fomu 4 amabwera ndi uthenga umodzimodzi: Biology yavuta, anzanga onse akupita ku part time, wotsalira ndine ndekha. Kholo liyang'ana m'nkhokwe, liyang'ana m'khola, kenako liimba foni kwa achimwene a m'tauni. Ndalamayo imapezeka ndithu, pakuti palibe kholo lofuna kudzalozedwa chala kuti linamana mwana sukulu.

Maganizo anga ndinene poyambirira pomwe, kuti wofuna kukwiya akwiyiretu. Part time si yoipa ayi. Koma yambiri imene tikulipira kuno ndi yogula manotsi, pamene manotsi mwana ali nawo kale. Chimene alibe ndi munthu womufunsa mafunso, kumumvetsera akamayankha, n'kumuonetsa pamene waphonya. Ngati ndalama yanu sikugula zimenezo, bola mbuziyo ikhale m'khola.

Mantha a makolo ndi oona, amenewo sindikuwapeputsa. Pa mayeso a MSCE magiredi amayambira 1 kukafika 9. Wopeza 1 kapena 2 ndiye katswiri, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 wangodutsa chabe, 9 wagwa. Ku yunivesite za boma amafuna ma credit 6, Chingerezi chikhalepo. Ndiye mwana amene akulota za unamwino kapena udokotala, kaya ndi ku KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku makoleji a mishoni aja, popanda credit ya Biology chitseko chimakhala chotseka. Ana athu aakazi ambiri loto lawo ndi unamwino, chifukwa munthu amalota ntchito imene waiona, ndipo kuno ovala yunifolomu amene amawaona ndi anamwino. Kusiyana kwa 6 ndi 7 kukhoza kukhala mafunso ochepa chabe, koma mmodzi akwera basi ndi sutikesi, wina atsala kuno kudikira kubwereza. Onjezanipo kuti ana athu ambiri ali ku ma CDSS, kumene sukulu zambiri labu kulibe kapena chipinda chilipo koma m'mabotolo muli mbee, pamene Biology ili ndi pepala la practical lofuna kuti mwana agwire zinthu ndi manja. Nanga kholo lilekerenji kuda nkhawa?

Tsono taonani zimene zimachitika ku ma part time ambiri. Ine ndimadutsa pa njinga pochokera kudimba, ndipo mawindo a makalasi athu alibe magalasi, ndiye umaona zonse ngakhale usakufuna. Ana 40 kapena kuposa athithikana pa mabenchi, aphunzitsi ali pabolodi kulemba, ana kukopera. Bolodi likadzaza afufuta, ayambanso. Ola likatha, aliyense kwawo. Mwana sanatsegule pakamwa ngakhale kamodzi. Palibe wamufunsa kuti, "Iwe, tandiuza, madzi amakwera bwanji kuchoka kumizu kukafika kumasamba?" Akafika kunyumba akuonetsani kope lodzaza bwino, zilembo zokongola, mitu yodula mzere kunsi ndi rula, inu mtima m'malo kuti ndalama yagwira ntchito. Koma kukopera ndi ntchito ya dzanja. Ngakhale ine mutandipatsa buku la Chifalansa ndikhoza kulikopera lonse osamva liwu ndi limodzi lomwe.

Ndiye pali nkhani ina imene anthu amanong'onezana pa mjigo koma ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi onse amangoti zii. Aphunzitsi ena, sindikuti onse, m'kalasi la m'mawa amangodutsa pamwamba, mutu wovuta ngati genetics n'kuusungira olipira. Mwana akafunsa funso amayankhidwa kuti, "Ubwere madzulo." Uku n'kugulitsa thumba limodzi kawiri: boma lalipira, kholo lilipirenso. Wovulala kwenikweni ndi mwana wamasiye amene akuleredwa ndi agogo ake, amene alibe amalume ku Area 25 oti n'kuwaflashira. Iyeyo amakalemba mayeso amodzimodzi a MANEB ataphunzira theka la silabasi. Amene muli mu komiti ya sukulu, nkhani iyi ndi yanu, ndipo si yofunika kunyoza munthu. Funsani aphunzitsi aakulu kuti mitu imene yaphunzitsidwa m'mawa ndi iti, yatsala ndi iti, basi.

Aphunzitsi athunso ali pa moto, zimenezo tisabise. Malipiro amatha mwezi usanafike pakati, nyumba ndi za lendi, ndipo pena mphunzitsi mmodzi wa sayansi akugwira Fomu 1 mpaka Fomu 4 yekhayekha. Amene wagwira ntchito yake ya m'mawa mokhulupirika, madzulo n'kumathandiza ana pa nthawi yake yopuma, ayenera kulandira kangachepe. Ganyu ndi ganyu, ife tomwe sitilimira munthu ulere. Koma waganyu timamulipira titayendera ndime, titafukula pang'ono ndi phazi kuona ngati sanangokwirira udzu. Bwanji pa mutu wa mwana timalipira osayendera?

Mudzati, tiyendera bwanji ife osadziwa Chingerezi, ena tinalekezera Sitandade 5? Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa pa maphunziro onse a ku sekondale, Biology ndi imene mlimi sayenera kuiopa. Zambiri zimene zili m'buku lija timazigwira ndi manja tsiku ndi tsiku, kungoti mayina ake ndi achilendo.

Tonse timadziwa kuti feteleza ukamuthira pafupi kwambiri ndi phesi la chimanga chaching'ono, makamaka kukachita ng'amba, chimangacho chimapsa. Chifukwa chake n'chiyani? Madzi amayenda kuchoka kumene mchere wachepa kupita kumene wachuluka, kudutsa pa kakhungu kopyapyala ka maselo a mizu. Feteleza ndi mchere. Akaunjikana pamalo amodzi, madzi m'malo molowa m'mizu amatuluka, mbewu n'kufota. Imeneyo ndiye osmosis imene ana athu amaloweza ngati vesi la Sande sukulu osadziwa kuti bambo awo amaidziwa kale. Kuti mwana aione ndi maso sipafunika labu. Dulani mbatatesi tizidutswa tiwiri tofanana, kamodzi muike m'kapu ya madzi wamba, kena m'madzi a mchere wambiri, mudikire kanthawi. Ka m'madzi wamba kauma gwa, ka mu mchere kalefuka. Mtengo wake ndi mbatatesi imodzi ndi supuni ziwiri za mchere.

N'chifukwa chiyani tomato ndi fodya timawokera madzulo kapena kukachita mitambo? Masamba amataya madzi kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo dzuwa likaswa mtengo amataya kwambiri, pamene mizu yazulidwa kumene siinagwire. Mangani jumbo yoyera pa nthambi ya mango m'mawa, masana mukapeza madontho a madzi m'kati. Mutu wa transpiration ndi umenewo. Alimi a fodya, mukathena fodya n'chifukwa chiyani mphukira zimabuka m'mbali monse mpaka kukupatsani ntchito yozichotsa? Ku nsonga kuja kumapangidwa mankhwala otchedwa auxin amene amagoneka maso a m'mbali. Mukadula nsonga, masowo adzuka. Zulani mtedza kapena soya, muone timibulu ta m'mizu tija. Muli tizilombo totchedwa Rhizobium, timene timatenga nayitirojeni mu mpweya n'kumupereka ku mbewu, chakudya chomwecho chimene timachigula modula mu thumba la Urea. Kambulu kamene kakugwira ntchito mukakaswa ndi chikhadabo m'kati mwake mumaoneka mofiirira. Alangizi akamati chimanga chizitsatira mtedza, nkhani yake ndi imeneyi, ndipo mwana amene waswa kambulu ndi chikhadabo chake saiwala nitrogen cycle ngati amene anangoikopera ndi mivi yake pabolodi.

Genetics, imene ana amaiopa ngati fisi, ili m'nkhokwe zathu. Ndani sanaone zimene zimachitika ukabzalanso mbewu ya haibulidi imene unakolola chaka chatha? Munda umodzi, koma china chachitali, china chachifupi, china chisononkho chabwino, china kamwana. Makhalidwe amene kampani inawalumikiza bwino mu mbewu yoyamba amabalalika mu mbadwo wachiwiri. Amene anayamba kuwerengera bwino zimenezi anali wansembe wina dzina lake Gregor Mendel, ku Brno, ndipo ntchito yake anaichitira m'dimba la nsawawa, n'kuisindikiza mu 1866. Anakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ana oyamba onse anatuluka aatali, koma zidzukulu zinabwera pafupifupi zitatu zazitali pa imodzi yaifupi. Munthu wa kudimba ngati ife tomwe, kusiyana kwake n'koti iye amawerenga ndi kulemba zimene waona. Ndipo poti tafika pamenepa, abambo anzanga amene mumazunza akazi anu kuti akungobereka ana aakazi okhaokha, funsani mwana wa Fomu 4 akuuzeni za X ndi Y. Mayi amapereka X nthawi zonse. Chimene chimasankha kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi chimachokera kwa bambo. Chimodzimodzinso mwana wachialubino: kuti abadwe choncho ndiye kuti mayi ndi bambo onse awiri anali ndi kambewu kake m'thupi, ngakhale onse ndi akuda. Palibe za mizimu, palibe za chigololo. Mutu umenewu ukanaphunzitsidwa bwino mabanja ena sakanatha.

Nanga mbuzi tikapha pa ukwati kapena pa chiliza? Ana timawathamangitsa kuti akatunge madzi, pamene buku lonse latseguka pa tsamba la nthochi. Chifu cha mbuzi chili ndi zigawo zinayi, ndicho chifukwa imabzikula. Mapapo ukawauzira mpweya ndi kabango amafufuma ukuona. Mtima ukaudula uli ndi zipinda zinayi, ndipo khoma la mbali ya kumanzere ndi lochindikala kuposa linzake chifukwa ndi limene limapopa magazi kupita thupi lonse, pamene linalo limangotumiza ku mapapo. Ili ndi funso limene aphunzitsi a Biology amalikonda kwambiri, ndipo yankho lake timaliwotcha pa makala n'kudya ndi mchere.

Sindikunena kuti nzeru za kumunda zokha zikhozetsa mwana mayeso. Iyayi. Mayeso ndi a m'Chingerezi, ali ndi mawu ake ndi malamulo ake, ndipo apa ndi pamene mphunzitsi wabwino wa part time amadyera ndalama yake moyenera. Ntchito yake ndi kumanga mlatho pakati pa chimene mwana akuchidziwa kale ndi mawu amene wochonga mayeso akufuna. Ana ambiri amagwa osati chifukwa sakudziwa, koma sanamve chimene funso likupempha. Funso likati "state" likufuna yankho lalifupi, tchula basi. Likati "describe" likufuna unene mmene chinthu chilili kapena mmene chimachitikira, mwandondomeko. Likati "explain" likufuna chifukwa chake. Mwana amalemba tsamba lathunthu pa funso la malikisi awiri, nthawi n'kumuthera, funso la malikisi 10 n'kulisiya losagwira. Ku practical nakonso kuli miyambo yake: kujambula ndi pensulo, chithunzi chachikulu bwino, osapaka mthunzi, mizere yolozera mayina yolemba ndi rula ndipo isadutsane, kenako kuwerengera magnification pogawa kutalika kwa chojambula ndi kutalika kwa chinthu chenichenicho. Zimenezi sizilowa pokopera. Zimalowa mwana akajambula tsamba la chinangwa kasanu, wina n'kumuchongera kasanu.

Ngakhale kuyesa zakudya kuja, kwina kumatheka pakhonde. Kadontho ka iodine pa ufa kapena pa mbatata kamasanduka kakuda mobiriwira ngati inki, kusonyeza kuti muli starch. Mtedza ukautikita pa pepala umasiya banga loonekera kuwala, kusonyeza mafuta. Zina monga Benedict's solution, imene imasanduka yofiira ngati njerwa ukaitenthetsa ndi shuga wa m'zipatso, zimafuna mankhwala enieni. Mphunzitsi wa part time amene ali ndi ana 40 olipira mwezi ndi mwezi, sangagule kabotolo kamodzi, kapena kupempha ku sukulu yoyandikana imene ili ndi labu kuti ana akaoneko Loweruka limodzi? Limeneli ndi funso loyenera kumufunsa musanapereke ndalama ya mwezi wachiwiri.

Ndiye kuyendera ndime kuja n'kotere. Mwana akabwera ku part time, musafunse kuti "Mwaphunzira bwino?" chifukwa yankho lake ndi eya nthawi zonse. Muuzeni atseke kope, akhale pansi, akufotokozereni m'Chichewa chimene waphunzira, mpaka inuyo mumve. Akati, "Amayi, izi sizinenedwa m'Chichewa," dziwani kuti sanamve. Mawu ngati enzyme akhoza kuwasiya m'Chingerezi momwemo, koma nkhani yake, yoti chimera chimasungunula phala n'kulitsekemeretsa tikamaphika thobwa, imanenedwa bwinobwino m'chinenero chathu. Kenako tsegulani kopelo. Simukufuna kuwerenga, mukufuna kuona cholembera chofiira. Kodi muli ntchito imene mwana analemba yekha, aphunzitsi n'kuchonga, n'kulemba pambali pamene walakwitsa? Mwezi wathunthu wopanda chofiira ndiye kuti udzu wangokwiriridwa. Funsaninso kuti ali angati m'gulumo. Ana 8 kapena 10, munthu akhoza kumva liwu la aliyense. Ana 40 ndi kalasi lomwe lija la m'mawa, langosintha nthawi ndi mtengo.

Mbali ina imene palibe akuigulitsa, chonsecho ndi yofunika kuposa zonse, ndi kawerengedwe. Ana athu palibe anawaphunzitsa kuwerenga kokonzekera mayeso. Amatsegula kope, maso n'kumayenda pa mizere kuyambira tsamba loyamba, mawa ayambiranso tsamba loyamba lomwelo. Mutu woyamba amaudziwa ngati dzina lawo, wotsiriza sanaufikeko. Mayeso akayandikira ndiye kuchezera usiku wonse miyendo ili m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, m'mawa mutu uli ngati dzungu. Inu a kudimba tandiuzani: bedi la mpiru mukalithira makheni 20 tsiku limodzi n'kulisiya masabata awiri, ndi lina mukamalithira makheni awiri tsiku lililonse, mudzathyola liti? Mutu wa munthu umasunga chimene wachikumbutsidwa kangapo, masiku atatalikirana. Kuwerenga kothandiza n'kotopetsa pang'ono, ndicho chifukwa ana amakuthawa. Uwerenge kagawo kamodzi, utseke kope, utenge pepala ulembe zonse zimene ukukumbuka ndi kujambula chithunzi chake pamtima, kenako utsegule uone zimene wasiya. Zosiyazo ndiye ntchito yako. Ubwererekonso mkuja, ubwererekonso sabata yamawa. Loweruka utenge pepala la mayeso a zaka za m'mbuyo, uike wotchi patsogolo, ulembe ngati uli m'holo, wopanda kusuzumira. Ndipo ana anayi kapena asanu akamakumana pansi pa mtengo, aliyense n'kukhala mphunzitsi wa mutu umodzi, anzake kumupanikiza ndi mafunso, amapindula kuposa ola lokopera lija, kwaulere. Mphunzitsi wa part time amene angaphunzitse mwana zimenezi m'masabata awiri oyamba wamuthandiza pa maphunziro onse, osati Biology yokha.

Nthawi yoyambira nayonso timaiphonya. Timadzidzimuka mu Meyi, mayeso ali mu Juni ndi Julayi, n'kumafuna munthu wochita zozizwitsa. Kumeneko n'kuthira feteleza chimanga chitamasula kale. Mwana amene sanamve za selo ku Fomu 1, osmosis ndi genetics zidzamuzunguza mpaka kalekale. Ngati ndalama ndi yochepa, ndipo kwa tonsefe ndi yochepa, ine ndikanaiika ku Fomu 3 kapena pa tchuthi chachikulu cholowera Fomu 4, osati pa mwezi wotsiriza.

Tsopano ife eni ake makolo. Kalendala ya sukulu ndi ya kumunda zimalimbana, ndipo wogonja amakhala mwana. Januwale ndi Febuluwale ndi kupalira, kubandira ndi njala. Epulo mpaka Juni, nthawi yeniyeni yokonzekera mayeso, ndi kukolola chimanga, kukumba mtedza, kusankha fodya usiku. Mtsikana wa Fomu 4 amadzuka kukadali mdima, atunge madzi, asese, ayende mtunda kupita kusukulu, abwere aphike, atsuke mbale, Loweruka kuchigayo. Mlongo wake wa Fomu 2 ali pa bolo ya mpira. Kenako tikulipira part time n'kumadabwa kuti bwanji sizikusintha. Mwanayo akugona pa benchi, abale. Miyezi itatu yokha yotsiriza, mumasuleni. Mbale atsuke wina, anyamata nawonso manja ali nawo. Mupatseni ola limodzi ndi theka madzulo aliwonse pamalo opanda phokoso, nyale ikhale yake, ndipo m'mawa asapite ndi m'mimba mopanda kanthu, ngakhale mbatata yootcha. Zimenezi sizifuna Airtel Money.

Pa atsikana pomwepa ndinenenso mosapsatira. Part time ya usiku, kunyumba kwa mwamuna, mwana mmodzi yekha chitseko chotseka, ayi. Kaya ndi aphunzitsi olemekezeka, kaya ndi a kwaya, kaya ndi wachibale, ayi. Ikhale masana, pagulu, pamalo poti aliyense wodutsa aone, ndipo ana abwerere kwawo dzuwa lisanalowe. Mphunzitsi wa mtima wabwino sangakhumudwe ndi lamulo limeneli chifukwa likutetezanso mbiri yake. Amene akuti kwa mwana wanu, "Iwe usalipire, uzingobwera wekha," ameneyo mufunseni bwino kuti ulere umenewu wayamba liti.

Inu a m'tauni, zikomo chifukwa mumatumiza, ndipo tikudziwa kuti nanunso lendi ndi magetsi zikukufinyani. Koma ndalama ya miyezi itatu ya part time yokopera ikhoza kugula buku lenileni la Biology la silabasi ya panopa, limene mwana adzalisiyira mng'ono wake. Ikhoza kugula kanyale ka sola. Mapepala a mayeso akale mukhoza kuwapanga fotokope kumeneko motchipa n'kupatsira wa minibasi. Ndipo mukaimba foni Lamulungu, musathere pa "Sukulu ikuyenda?" Nenani kuti, "Tandifotokozera mmene likodzo limalowera m'thupi." Ngati mwana wokulira m'mbali mwa dambo sangathe kulondoloza kuti mazira amatuluka ndi mkodzo wa wodwala, tizilombo n'kulowa mu nkhono za m'madzi, n'kutulukamo kudzaboola khungu la wosamba, mudziwiretu kuti ndalama yanu ikupita kuti. Mphindi zisanu za mayunitsi zikuuzani zoona kuposa lipoti la pa teremu.

Chimodzi chokha chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musatumize ndalama ya likasa. Chaka chilichonse pa WhatsApp pamabuka anthu olonjeza mapepala enieni, ndipo ana amalira kuti anzawo agula. Ambiri mwa anthu amenewo ndi mbava wamba, amagulitsa mafunso akale atasintha chaka pamwamba. Ndipo likakhala lenileni ndiye tsoka lalikulu. Mwaiwala 2020? Mayeso a MSCE anaimitsidwa mu Novembala ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, dziko lonse ana n'kubwerera kwawo, kukalembanso mu Januwale 2021. Olakwa ndi osalakwa anavutika limodzi, makolo n'kufunanso ndalama za thiransipoti ndi zakudya kachiwiri, m'nyengo ya njala. Komanso taganizani, namwino amene anadutsa Biology ndi likasa, jakisoni wake adzabaya ndani? Adzabaya ife tomwe pa chipatala chathu chaching'onochi.

Kodi wophunzitsa wabwino timupeza kuti? Si nthawi zonse amene ali ndi dzina lalikulu. Pamudzi pano tili ndi achinyamata amene anakhoza Biology bwino koma akudikira malo ku koleji, tili ndi ana athu a ku Bunda amene amabwera pa tchuthi n'kumangokhala pa foni, tili ndi aphunzitsi opuma ntchito, tili ndi alangizi a zaumoyo amene malungo ndi kolera amazidziwa ngati chikhatho chawo. Wophunzitsa aonetse satifiketi yake, akhale ndi silabasi m'manja, atenge ana ochepa, apereke ntchito ndi kuichonga. Mabanja asanu mukasonkherana, wina ndowa ya chimanga, wina nkhuku, wina ndalama, munthu wotere mumupeza, ndipo pa gulu lililonse mulowetsemo mwana mmodzi amene kwawo kulibe chopereka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, tinkatero kale. Mugwirizane kulipira kumapeto kwa mwezi, mutaona makope.

Ine mbali yanga ndayamba ndi chimene ndingathe. Ndalankhula ndi abambo amene amapha mbuzi pa msika wathu wa Loweruka, ndipo avomera kuti asanadule za m'kati, ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 aone kaye mtima, mapapo, impso ndi chifu, bola afike m'mamawa ndipo asawachedwetse makasitomala. Mnyamata wathu wa ku koleji uja wati adzakhalapo kutchula mayina a m'Chingerezi. Aliyense abwere ndi pensulo, rula ndi pepala loyera. Tikachoka apo tipita kumunda kwanga kukazula soya, mizere iwiri ya kumalire ndaisiyira zimenezo. Makolo amene mukufuna kudzaona nawo, bwerani, malo alipo.